Nsengwa Yosafika Kwawo

Padangotero muja, nyama zikadapalirana moto ndi kupemphana mchere, panali Gologolo.

Gologoloyu poyamba anali mthenga wa pabwalo, koma anamuchotsa. Akamutuma ndi uthenga, uthengawo unkafika bwinobwino. Akamutuma ndi chakudya, kunkafikanso uthenga wokhawokha. Munda analibe. Chuma chake chinali mchira wokongola umene ankaupesa m'mawa uliwonse, ndi mtedza umene anabisa m'mphako ya mtengo. Mtedzawo sankadya ayi. Ankangopita kukauyang'ana, n'kuuuza kuti, "Iwe ndiwe wa mawa. Lero ndikadya za eni."

Chakumtunda kwa Gologolo kunkakhala mayi Nungu, namkungwi wamkulu, amene amuna awo anamwalira kale. Chakumunsi kunkakhala a Chiuli, mkulu wa asilikali wopuma, mwini ming'oma ya njuchi. Awiriwa ankaitanana alamu, chifukwa malemu aja ndi a Chiuli anakulira bwalo limodzi. Koma panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri asakupatsana moni.

Chinachitika n'chakuti pa ukwati wina a Chiuli anakhala pamphasa pamene panagwera munga wa mayi Nungu. Chikopa cha a Chiuli n'cholimba paliponse, kupatula pamene mungawo unasankha. Anadumpha, nakuwa ngati kamwana, asilikali awo onse akuona. Mayi Nungu anaseka mpaka misozi. Kuyambira tsikulo a Chiuli ankadikira kuti awapepese, mayi Nungu nawo ankadikira kuti alamu awo atope n'kukwiya. Palibe amene anayamba.

A Chiuli sanali oseweretsa. Analumbira pagulu kuti aliyense wowapusitsa adzataya mchira. Buluzi anayesapo kamodzi, ndipo mpaka lero ana ake amayenda mchira uli wokonzeka kuduka.

M'dziko limenelo munali mwambo. Nsengwa ya mnzako ikakupeza ili ndi chakudya, sunkaibweza yopanda kanthu. Ndiponso wopatsa sankafunsa kuti, "Zija zinafika zingati?" Kufunsa choncho kunali kudzitama.

Tsiku lina njala itamuluma, Gologolo anatola kansengwa kong'ambika kudzala. Anakasoka ndi luzi, n'kutolamo masuku asanu ogwa okha, n'kuvundikira ndi tsamba. Anaganizira za mwambo uja, anaganizira za alamu aja, kenaka anaseka yekhayekha.

"Odi kuno, amayi!"

"Odini. Kodi ndi Gologolo? Ngati wadzera mbatata zanga, ndatsekera."

"Ayi amayi, ndatumidwa. A Chiuli akuti mulaweko masuku."

Mayi Nungu analandira nsengwa ija ndi manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anaitembenuza, anakhudza pamene panasokedwa ndi luzi.

"Alamu anga atola masuku? Ndi msana uja?"

"Atola okha, amayi. Chogwada."

"Ndiye anati chiyani?"

Gologolo anali asanakonze zimenezo. "Anati... 'Kapereke.'"

"Ndi iwowodi amenewo. Mawu awo sapitirira amodzi." Analowa m'nyumba, natuluka nsengwa itadzaza chinangwa chophika. "Nsengwa ya alamu singabwerere yopanda kanthu. Yenda bwino."

Pakati pa nyumba ziwirizo panali chulu. Gologolo anakhala pamenepo, anadya theka la chinangwa chija, nayimba kanyimbo kamene anapeka pomwepo. Kanali kotamanda nsengwa imene aliyense amati ndi ya mnzake, ndi koyamikira njira yokhala ndi pakamwa. Pothera pake panali kamluzu, ndipo mchira unkavina katatu.

Atapukuta pakamwa anatsikira kumunsi.

"Odi, akuluakulu!"

"Ukufuna chiyani, Kamchira?"

"Mayi Nungu akuti mulaweko chinangwa."

A Chiuli analandira nsengwa ija. Ananunkhiza chinangwa chija, ananunkhiza nsengwa, ananunkhizanso Gologolo.

"Wathiramo chiyani mkazi ameneyu?"

"Mchere basi."

"Nsengwa yawoyi yakalamba ngati mwini wake." Analowa m'nyumba, natuluka ataikamo zisa zinayi za uchi. "Ukanene kuti sindinakhululuke. Koma nsengwa ya munthu sindingaibweze yopanda kanthu. Sindine wopanda mwambo ine."

Pachulu paja zisa zinayi zinasanduka ziwiri. Kanyimbo kaja kanamveka, kamluzu kanalira, mchira unavina katatu.

"Anati chiyani?" anafunsa mayi Nungu.

"Akuti uchi uwu ndi wa mumng'oma wawo wa pamtima."

"Mawu onsewo? Ukalamba ukuwaphunzitsa kuyankhula." Ndipo anaikamo mbatata zootcha.

Basi, nsengwa ija inayamba ulendo wosatha. Ikafika kumtunda ankati ndi ya kumunsi, ibwerere. Ikafika kumunsi ankati ndi ya kumtunda, ibwerere. Gologolo ananenepa mpaka nthambi zinkadandaula, ndipo mchira wake unkawala ngati waudzoza mafuta.

Koma woyenda m'makomo a anthu amaona zambiri. Anaona kuti mayi Nungu ayamba kuchotsa mitsitsi ya m'kati mwa chinangwa, ati mano a alamu awo anali ovuta kuyambira kale. Anaona kuti a Chiuli akumachotsa njuchi zakufa pa uchi, imodziimodzi, ndi zikhadabo zawo zazikuluzo, akung'ung'udza. Ankawapezanso atakhala pakhonde, akukonza mpini wa khasu womwewomwewo tsiku ndi tsiku, maso ali kunjira.

"Wachedwa, Kamchira."

"Kodi mumandidikira, akuluakulu?"

"Ndikukonza khasu. Ndiwe wakhungu? Anati chiyani?"

"Akuti akakumbukira kuvina kwanu kwa kale, amaiwala mbatata pamoto."

"Bodza!" A Chiuli anatero mwaukali. Kenaka anafunsa chapansipansi, "Kuvina kwake kuti?"

Tsiku lina mayi Nungu anaika mbatata imodzi padera.

"Iyi ndi ya wonyamula. Njira imatopetsa."

Gologolo anailandira, popeza sanakanepo chakudya chibadwire. Koma pachulu paja mbatata imeneyo inamuvuta kumeza kuposa zakuba zija. Anaganiza kuti inali yosapsa.

Mwezi wachitatu uli mkati, Gologolo anapeza chitseko cha mayi Nungu chotseka dzuwa lili pamutu. Anawapeza chigonere, akutsokomola.

"Mwana wanga, lero ndilibe choikamo. Kumunda sindingafike. Isunge nsengwayi mpaka ndichire. Ndipo usawauze kuti ndikudwala, angayese ndikupempha chisoni."

Gologolo anakakhala pachulu nsengwa ili mbee, nayamba kuganiza. Nsengwa ikaima, uchi uima. Uchi ukaima, mimba ibwerera mwakale. Komanso a Chiuli akatopa ndi khasu lija ayamba kufunsa mafunso, ndipo mafunso a Chiuli amathera kumchira.

Anapita kumphako kuja. Anatapa mtedza wake manja awiri, akutsanzikana nawo umodziumodzi ngati pamaliro.

"Mtedza?" anadabwa a Chiuli. "Nungu wayamba liti kulima mtedza?"

"Chaka chomwechino."

A Chiuli anatafuna umodzi, anagwedeza mutu, n'kuikamo zisa zinayi. Pachulu Gologolo anadya ziwiri monga mwa masiku onse, nayimba kanyimbo kake mokweza dala, kuti aiwale mtedza uja.

Mayi Nungu ataona uchi anadzuka chokhala.

"Gologolo, si ndinati uisunge? Wapita nayo yopanda kanthu?"

"Anachita kundilanda panjira, amayi. M'katimo sanayang'anemo n'komwe."

Mayi Nungu anamuyang'ana pankhope. Ananyambita uchi pang'ono, chifuwa chija chinaleka kukokera, ndipo anagona tulo tabwino koyamba pa masiku anayi. Gologolo anaima pakhomo akumvetsera mmene ankapumira. Anauza mtima wake kuti akudikira dzuwa lizizire.

Ulendo wachiwiri anatapanso mtedza manja awiri. Pobwera anakhala pachulu, anatsegula nsengwa, anakweza chisa chimodzi, ndipo m'makutu mwake munamveka chifuwa chija. Anabwezeramo chisacho, n'kungonyambita zala. Kanyimbo anakayamba ndithu, koma kanathera pakati, ndipo kamluzu sikanatuluke.

Ulendo wachitatu anadutsa pachulu osakhala n'komwe. Atafika anatunga madzi, anasonkha moto, anathamangitsa nyerere zimene zinkalondola uchi. Kenaka anakhala pafupi ndi mphasa nkhope ili yodandaula.

"Amayi, matenda anuwa ndi opatsirana?"

"Bwanji?"

"Ndikumva kutentha apa pachifuwa. Sikupweteka, kukungofunda. Miyendo ikupepuka. Dzulo ndinapatsa moni Khwangwala popanda chimene ndimafuna kwa iye."

"Kumayamba nthawi yanji kufundako?"

"Mukamanyambita uchi."

"Aa, amenewo. Ndimawadziwa. Alibe mankhwala."

"Ndifa?"

"Ayi. Ungoonda pang'ono."

Ulendo wachinayi Gologolo anapisa dzanja m'mphako, nakanda paliponse. Munatsala mtedza utatu. Anaika utatuwo m'nsengwa, n'kuunjika masamba ambiri pamwamba kuti zioneke zodzaza.

A Chiuli anachotsa tsamba loyamba, lachiwiri, lachisanu. Anayang'ana mtedza utatu uja uli pansi.

"Nungu sapatsa chonchi. Ngakhale atakwiya sapatsa chonchi. Kwagwanji kumtundako?"

Gologolo anali ndi mabodza asanu ndi limodzi okonzeka kale. Koma matenda aja anali atafika kulilime.

"Akudwala," anatero. "Sabata yachitatu ino."

Khasu lija linagwa. A Chiuli analowa m'nyumba, natuluka ndi mphika wonse wa uchi, ndodo ili kudzanja. Apa m'pamene Gologolo anazindikira chimene wachita. Alamu akakumana ayankhulana, akayankhulana nkhani ya nsengwa ituluka. Anamva mchira wake ukuzizira.

"Akuluakulu, njira yonse ndi linthumbu lokhalokha!"

"Ndimadya linthumbu."

"Matendawo ndi opatsirana, ine ndawatenga kale!"

"Mphiri inandiluma pakhosi, ndinangogona tulo pang'ono n'kudzuka. Choka panjira."

"Anati sakufuna kukuonani!"

A Chiuli anaima. Anayang'ana mphika uja, anayang'ana kumtunda.

"Akandithamangitse okha," anatero, nayamba kuyenda.

Pachulu paja anaimanso. Panali mulu wa makoko a mbatata ndi phula lotafunidwa, wofika m'mawondo.

"Amadyera pano ndani?"

"Chiswe."

"Chiswe cha kuno chili ndi mano."

A Chiuli anapitirira. Apa Gologolo akanatha kuthawa, mtengo unali pomwepo ndipo a Chiuli sakanamupeza kunsonga. Anafika poika dzanja pa tsinde. Koma anakumbukira kuti mumtsuko wa mayi Nungu madzi anali atatha, ndipo a Chiuli, pokhala mkulu wa asilikali, ankayesa kuti madzi amabadwira mumtsuko. Anawatsatira, akutukwana miyendo yake.

A Chiuli anaima pakhomo osanena odi.

"Alamu."

"Alamu."

"Mwaonda."

"Inunso mwakalamba. Lowani."

A Chiuli anayang'ana mphasa imene inali pambali. "Pali minga apa?"

"Fufuzani nokha."

Anaisasa mphasayo, anaitembenuza, anaipapasa kona ndi kona, kenaka anayamba kutsitsa thupi pang'onopang'ono ngati akukhalira mazira. Mayi Nungu anayesetsa, koma zinakanika. Anaseka, kuseka kwa pa ukwati kuja, mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. A Chiuli anatupa masaya, milomo inanjenjemera, kenaka nawonso anaphulika. Kuseka kwawo kunali kwadzimbiri, kwa munthu amene sanakugwiritse ntchito zaka zisanu ndi ziwiri.

Gologolo, amene anali atangobwera kokatunga, anatsitsa mtsuko wa madzi mwakachetechete, nayamba kubwerera cham'mbuyo.

"Bwera nayo kuno nsengwayo, Kamchira," anatero a Chiuli. "Alamu, nsengwa yanu nayi. Lero yabwera ndi mphika womwe."

"Yanu, alamu."

"Yanu. Inabwera ndi chinangwa."

"Kwa ine inabwera ndi masuku. Akuti munatola chogwada."

"Ine? Kugwadira masuku?"

Onse awiri anatembenukira kukhomo. Gologolo anali atafika kale pachiundo, koma dzanja la a Chiuli n'lalitali likafuna. Anamugwira mchira, n'kumukweza m'mwamba mutu uli pansi.

"Alamu, uchi unkafika zisa zingati? Mundikhululukire kufunsa."

"Ziwiri. Masiku ano okha ndiye zinayi."

"Ndinkaika zinayi nthawi zonse! Ndipo ine ndinkaona timano pachinangwa, n'kumati alamu akundilawira. Ndinkangodabwa kuti mano anu achepa liti." Anamugwedeza. "Kamchira, ukudziwa chimene ndinalumbira?"

"Ndikudziwa, akuluakulu. Koma ndi mchira wamba uwu, ubweya wokhawokha, m'katimo mulibe kanthu."

"Musanadule," anatero mayi Nungu ndi mawu awo ofatsa aja, "ndifunseko nanenso. Masabata atatu awa mwalandira chiyani kuchokera kwa ine?"

"Mtedza. Wokoma ndithu."

"Ine mtedza sindilima. Ndipo masabata atatu ndagona pamphasa pano. Madzi awo sindinatunge ine, moto uwo sindinasonkhe ine."

A Chiuli anamutembenuza Gologolo kuti amuone kumaso.

"Unauba kuti mtedzawo?"

Gologolo anayankha, koma sizinamveke.

"Kweza mawu!"

"Unali wanga." Anabisa nkhope m'manja. "Koma chonde musauze anthu. Ndili ndi mbiri yoti ndiisunge."

A Chiuli anapukusa mutu, akumugwirabe.

"Zimenezo sizifafaniza bodza. Anatipusitsa tonse awiri, alamu."

"Anakupusitsani inu," anatero mayi Nungu. "Nsengwayi ndinaitaya kudzala ndine, chaka chatha. Ndinaidziwa tsiku loyamba lomwe."

Gologolo anatsegula diso limodzi.

"Nanga osanena bwanji?" anafunsa a Chiuli.

"Ndinkafuna ndione ngati chinangwa changa chingabwere ndi yankho. Ndikanachitumiza ndekha mukanati ndagonja. Inu mukanayamba, ine ndikanati mwagonja. Pankafunika wabodza pakati pathu. Ndipo theka la uchi wanu linkandikwanira, alamu. Poyamba paja sunkafika n'komwe."

A Chiuli anakanda kumutu ndi dzanja linalo. Kunali kovuta, chifukwa msilikali akalumbira amakhala walumbira. Anamutsitsa Gologolo pansi koma mchira sanausiye.

"Tamvera, Kamchira. Mchira uwu kuyambira lero ndi wanga. Ndikaudula uwola, ndiye ndikuusiya pamenepo, uzindisungira ndiwe. Uziupesa bwino. Ndikaufuna, uzibwera nawo."

"Zikomo, akuluakulu! Zikomo kwambiri!"

"Ndikuufuna pompano. Khonde la alamu anga silinasesedwe masabata atatu."

Gologolo anasesa khonde lonse ndi mchira wake wokongola uja, choyenda cham'mbuyo, a Chiuli akumulozera ndi ndodo pamene walumpha. Anasesa bwalo, anasesa kuseri kwa nkhokwe. Pomaliza mchirawo unkaoneka ngati tsache lotha ntchito. N'chifukwa chake gologolo akaima panthambi amagwedeza mchira pafupipafupi: akusasabe fumbi la pakhonde paja.

Mayi Nungu atachira anaitana Gologolo. A Chiuli analinso pomwepo, pamphasa imene tsopano inali yawoyawo. Nsengwa ija inali pakati pawo, yodzaza mpaka m'milomo: zisa zinayi, mbatata zootcha, ndi mtedza umene a Chiuli anakasinthanitsa ndi uchi kutsidya.

"Anaitola ndiwe, anaisoka ndiwe, masuku oyamba anaikamo ndiwe," anatero mayi Nungu. "Ndiye mwini wake ndiwe. Yayenda kokwanira. Lero ifike kwawo."

"Ndipo wonyamula sitikumufunanso," anawonjezera a Chiuli. "Miyendo tili nayo."

Gologolo anakalowa m'mphako mwake ndi nsengwa yonse, yakeyake, yopanda womugawira. Ananyambita uchi. Unali uchi womwe uja, wa mumng'oma womwe uja, koma mkamwa unangodutsa. Anayesa mbatata, chimodzimodzi. Anayesa kuyimba kanyimbo kaja, koma nsengwa imene yafika kwawo ilibe nyimbo. Anadzigwira pachifuwa, n'kupeza kuti kufunda kuja kwachoka. Matenda anali atapola, ndipo iye sanakondwe nazo n'pang'ono pomwe.

Anapirira tsiku loyamba. Anapirira lachiwiri.

M'mawa wa tsiku lachitatu alamu aja ali pakhonde anamuona akudutsa, nsengwa ili pamutu yovundikira ndi tsamba. Ankalowera kumene kunkakhala Nkhanga ndi Nkhwali, amene anali asakuyankhulana kuyambira chilimwe chifukwa cholimbirana fumbi losambamo.

"Kamchira!" anakuwa a Chiuli. "Ukupita kuti ndi mchira wanga?"

"Ndatumidwa, akuluakulu."

"Wakutuma ndani?"

"Sindinasankhe. Ndiona amene ndiyambe kumupeza."

A Chiuli anafuna kudzuka, koma mayi Nungu anawagwira mkono.

"Gologolo!"

"Amayi?"

"Theka. Osapitirira theka."

Madzulo ake kanyimbo kaja kanamvekanso chapatali, konse kathunthu mpaka kamluzu. Mawu ake okha ndiwo sankamveka bwino, chifukwa woyimbayo m'kamwa munali modzaza mapira a Nkhanga.

Yanga yathera pomwepa. Amene muli ndi mbale ya eni ake kunyumba, kaikenimoni kanthu isanaiwale njira.